Vinyo wa ku Kanonkop: Mmene Pinotage Amapangidwira Patsinde pa Phiri la Simonsberg

[Chithunzi: usiku, mathanki a konkire otsegula pamwamba, anthu akukankhira makoko a mphesa pansi ndi ndodo zazitali]

Moni nonse amene mukutionera. Zimene mukuonazi zimachitika nthawi yokolola, cha mu Febuluwale, pa famu ya Kanonkop ku Stellenbosch m'dziko la South Africa. Pakatha maola awiri alionse, usana ndi usiku womwe, anthu amabwera pa thanki iliyonse kudzamiza makoko a mphesa amene ayandama pamwamba. Thanki imodzi imafuna ntchito imeneyi kwa masiku atatu kapena anayi okha, koma kukoma kwa vinyo amene adzakhale m'botolo zaka 20 kumachokera m'masiku amenewa. Mphesa zake ndi za mtundu wa Pinotage, mtundu umene anthu ambiri odziwa vinyo ankaunyoza kale. Ife tikuti vuto silinali mphesazo ayi, linali kasamalidwe kake, ndipo Kanonkop ndi malo abwino oonera zimenezi.

[Chithunzi: mapu a Western Cape, kenako phiri la Simonsberg]

Stellenbosch ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kum'mawa kwa Cape Town. Idakhazikitsidwa mu 1679 ndi Simon van der Stel, ndipo phiri la Simonsberg lidatenga dzina lake. Kanonkop ili patsinde pa phirili, m'mbali mwa msewu wa R44 wopita ku Paarl. Dzina la famuyi lidachokera ku kaphiri kamene ankaomberapo mzinga m'zaka za m'ma 1600, kudziwitsa alimi kuti sitima zapamadzi zafika ku Table Bay, doko la Cape Town, akweze katundu m'ngolo akagulitse.

Amene tidazolowera mvula ya Novembala mpaka Epulo tiyenera kutembenuza kalendala m'mutu. Ku Cape mvula imagwa m'nyengo yozizira, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene mipesa yayoyola masamba ndipo ili m'tulo. Nyengo yotentha imakhala youma. Ichi ndiye chuma chawo chachikulu. Mphesa zikamapsa mvula ikugwa, zimamwa madzi n'kung'aluka, nkhungu n'kulowa, ndipo shuga amasungunuka. Ku Stellenbosch zimapsa padzuwa, mphepo yochokera kunyanja ya False Bay n'kumaziziritsa madzulo. Mphepo yamphamvu ya kumwera chakum'mawa, imene amaitcha Cape Doctor, imaumitsa masamba ndi kuchepetsa matenda, ngakhale ikafika pa nthawi ya maluwa imawayoyola, zokolola n'kuchepa.

Dothi lake ndi lofiira, lochokera ku mwala wa granite umene udafumbutuka, ndipo lili ndi dongo lokwanira kusunga madzi a mvula ya dzinja lawo mpaka nthawi yokolola. N'chifukwa chake mipesa yakale ya Pinotage imatha kukhala osathiriridwa.

[Chithunzi: zithunzi zakale za famu]

Famuyi inali ya banja la Sauer. Paul Sauer, amene dzina lake lili pa vinyo wotchuka kwambiri wa pamalopa, anali nduna m'boma la National Party, ndipo ndiye adatsogolera komiti imene idalemba mfundo za tsankho la apartheid chisankho cha 1948 chisanachitike. Sitikufuna kuidumpha mbiri imeneyi. Minda ya mpesa ya ku Cape idakula ndi thukuta la akapolo, ena mwa iwo ochokera ku Mozambique ndi Madagascar, mpaka ukapolo udathetsedwa mu 1834. Pambuyo pake m'mafamu ambiri a m'chigawochi mudakhala mchitidwe wolipira antchito gawo la malipiro awo ndi vinyo, umene amautcha dop. Lamulo lidauletsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, koma m'madera ena udapitirira mpaka m'ma 1990, ndipo zipsera zake zikuonekabe pa ana obadwa ataonongeka ndi mowa ali m'mimba. Amene ali ndi abale ogwira ntchito m'mafamu a ku Western Cape akudziwa kuti nkhani ya malipiro ndi nyumba za antchito ikadali yotentha m'chigawo chonsecho.

Mwana wamkazi wa Paul Sauer, Mary, adakwatiwa ndi Jannie Krige, ndipo ana awo, Johann ndi Paul Krige, ndiwo adadzatenga udindo woyendetsa famuyi. Kwa zaka zambiri vinyo wa pano ankagulitsidwa wochuluka kwa makampani akuluakulu, opanda dzina la famu. Botolo loyamba lolembedwa Kanonkop ndi la 1973, chaka chomwecho chimene South Africa idayamba lamulo la Wine of Origin loteteza mayina a madera.

[Chithunzi: tsango la mphesa zakuda za Pinotage, pafupi]

Pinotage ndi mtundu wobadwira ku Stellenbosch komweko. Abraham Izak Perold, pulofesa woyamba wa ulimi wa mpesa pa yunivesite ya Stellenbosch, adatenga mungu wa mtundu umodzi n'kuika pa duwa la mtundu wina. Makolo ake ndi Pinot Noir, wokoma koma wovuta kulima, ndi Cinsaut, wopirira kutentha, umene ku Cape ankautchula Hermitage. Adapeza njere zinayi zokha. Mu 1925 adazidzala pakhomo pake ku Welgevallen. Mu 1927 adachoka kukagwira ntchito ku KWV, bungwe la alimi a mpesa, ku Paarl, munda uja n'kumera tchire. Anthu atabwera kudzalambula, mphunzitsi wachinyamata Charlie Niehaus ndiye adapulumutsa timbande tija, n'kupita nato ku sukulu ya zaulimi ya Elsenburg. Kumeneko C.J. Theron adatimezanitsa pa zitsa za mipesa ina. Vinyo woyamba wa Pinotage adapangidwa mu 1941 ndi C.T. de Waal, ndipo botolo loyamba lokhala ndi dzinali pa msika linali la Lanzerac la 1959, lotulutsidwa mu 1961.

Kanonkop idali m'gulu la mafamu oyambirira kudzala mtunduwu. Chigawo china chimene chidadzalidwa mu 1953 chikuberekabe, ndipo ndicho chimatulutsa vinyo wa Black Label.

Ndiye dzina loipa lidachokera kuti? Alimi adaona kuti mtunduwu umapsa msanga, umabereka kwambiri, ndipo umapereka utoto wakuda bii. Ambiri adaudzala paliponse n'kumaukolola mochuluka. Mu 1976 akatswiri a vinyo a ku Britain atacheza ku Cape adati vinyoyu amanunkha ngati mankhwala a penti ndiponso misomali ya dzimbiri. Mawuwo adamveka patali, ndipo alimi ena adazula mipesa yawo. Fungo limene ankanenalo si lopeka. Mphesa za Pinotage zikavutika ndi ludzu ndi kutentha pafupi ndi kukolola, kapena kuwira kwake kukayenda mosasamala, yisiti imapanga kwambiri mankhwala otchedwa isoamyl acetate. Akakhala ochepa amamveka ngati nthochi. Akachuluka amamveka ngati polishi wa zikhadabo. Palinso vuto lina: mphesazi zimakhala ndi asidi wambiri wa malic, amene mabakiteriya amadzamusandutsa wofewa. Zikatero asidi amatsika, pH (muyeso umene umakwera asidi akachepa) imakwera, ndipo vinyo wa pH yokwera ndi bwalo la tizilombo toononga. Kuwawa kwina kosasangalatsa ndi fungo la viniga zimayambira pamenepo.

[Chithunzi: mipesa yaifupi yopanda mawaya]

Taonani mipesa iyi. Ilibe mitengo kapena mawaya oyanzikapo. Mpesa uliwonse umadziimira wokha ngati kachitsamba kofika m'mawondo kapena m'chiuno. Ndi dala. Masamba amagwera pansi mozungulira n'kuphimba matsango, dzuwa la Januwale osawawaula. Mpesa wotere umabereka pang'ono, mphesa zazing'ono zamakoko okhuthala, ndipo utoto ndi kakomedwe zili m'makokomo. Kuipa kwake n'kwakuti makina sangakolole. Chilichonse ndi manja, munthu atawerama.

Kudulira kumachitika mu Julayi ndi Ogasiti. Pa nthambi iliyonse amasiya kachitsa ka mfundo ziwiri. Mukasiya mfundo zambiri, mpesa umasenza matsango oposa mphamvu zake ndipo sapsa mofanana. Mdani wamkulu wa mipesa ya ku Cape ndi kachirombo ka leafroll, kamene kamafalitsidwa ndi kodikodi. Masamba amafiira ndi kupindikira pansi nthawi isanakwane, shuga amalephera kukwera, utoto umachepa. Mankhwala ake palibe. Mpesa wodwala umazulidwa, ndipo pamafunika kulimbana ndi kodikodi pamodzi ndi nyerere zimene zimamuteteza.

Kukolola Pinotage kumayamba kumapeto kwa Januwale kulowa mu Febuluwale, mphesa za mtundu wina wa Cabernet Sauvignon n'kudzabwera pambuyo. Amayeza shuga ndi muyeso wa Balling. Pa madigiri 24 mpaka 25, ndiye kuti mu lita imodzi ya madzi a mphesa muli shuga wokwana magalamu pafupifupi 250. Magalamu 17 alionse amapereka pafupifupi peresenti imodzi ya mowa, choncho vinyo amatuluka pa 14 kapena 14.5 peresenti. Koma wopanga vinyo wodziwa sadalira nambala yokha. Amatafuna khoko, amayang'ana njere ngati zasanduka zofiirira. Njere zobiriwira zimadzawawitsa vinyo. Mukadikira mopitirira, dzuwa la masiku atatu likhoza kufotetsa mphesa, vinyo n'kumamveka ngati jamu wopserera. Amathyola m'mamawa, zisanatenthe, n'kuzisankha bwinobwino kuchotsa zowola, zofota ndi masamba.

[Chithunzi: mphesa zikulowa m'thanki ya konkire]

Tsopano tafika pa mtima wa nkhaniyi. Akachotsa timitengo ta tsango n'kuphwanya mphesa pang'ono, zonse, madzi, makoko ndi njere, zimalowa m'mathanki a konkire osazama, otakasuka, opanda chivundikiro. Kumeneko amawatcha kuipe. Mafamu ambiri adasiya mathanki otere n'kugula achitsulo otseka. A Kanonkop adawasunga.

Madzi a mphesa zakuda, akangofinyidwa, sakhala ofiira kwenikweni. Utoto umatuluka m'makoko. M'makoko ndi m'njere mulinso tannin, chinthu chimene chimaumitsa m'kamwa ngati tiyi amene masamba ake akhalitsa m'kapu. Tannin wa m'makoko ndi wofunika, ndiye amapatsa vinyo thupi ndi moyo wautali. Tannin wa m'njere akachuluka amawawa. Luso lonse lagona pa kutulutsa woyambayo n'kusiya wachiwiriyo.

Yisiti ikayamba kudya shuga imatulutsa mpweya wa carbon dioxide, umene umanyamula makoko onse kupita pamwamba. Amaundana n'kupanga chigamba cholimba. Chigambachi chikasiyidwa, zinthu zitatu zimalakwika. Makoko sakhudzananso ndi madzi, ndiye utoto sutuluka. Kutentha kumatsekeredwa m'kati mwake, ndipo kukapitirira madigiri 35 yisiti imafooka, kuwira n'kuima shuga asanathe. Ndipo pamwamba pakauma, mabakiteriya a viniga amapezapo pokhala. N'chifukwa chake anthu aja amachimiza pakatha maola awiri alionse, ndi ndodo yokhala ndi kathabwa kumapeto. Pa tsiku ndi ka 12. Ndi ntchito yotopetsa, makamaka tsiku loyamba chigamba chikadali cholimba, ndipo munthu amaima m'mphepete mwa thanki yotulutsa mpweya umene ungamukomole ngati malowo sapita mphepo.

Kutentha amakusunga cha pa madigiri 28. Kumeneku n'kofunda ndithu, ndipo n'kwadala: kuwira kofunda m'thanki yotsegula kumathandiza kuti fungo lija la polishi liuluke m'malo motsalira m'vinyo. Thanki yosazama ilinso ndi ubwino wakuti chigamba chimakhala chopyapyala, makoko ambiri n'kumakhudza madzi.

Kenako pamabwera chigamulo chimene chimasiyanitsa odziwa ndi ongoyesa. Pa Pinotage, madzi amachotsedwa m'makoko patatha masiku atatu ndi theka kapena kuyandikira pamenepo. Pa Cabernet ndi masiku pafupifupi asanu. M'madera ena vinyo wofiira amakhala m'makoko masabata awiri kapena atatu, ndiye izi zimaoneka zachangu kwambiri. Chifukwa chake n'chakuti utoto umatuluka mosavuta m'masiku oyamba, pamene tannin wa m'njere amasungunuka kwambiri mowa ukachuluka chakumapeto. Makoko a Pinotage ndi olemera kale. Mukawamiza pafupipafupi pachiyambi mumapeza zonse zimene mukufuna, ndipo mumachokapo kuwawa kusanayambe. Vinyo amamaliza kuwira makoko atachotsedwa.

[Chithunzi: migolo yamatabwa itandandalikidwa m'chipinda chozizira]

Kuchokera apo vinyo amalowa m'migolo ya mtengo wa oak wa ku France. Mgolo umodzi umalowa malita 225, amene ndi mabotolo 300 a 750 ml. Pinotage wa famuyi amakhalamo pafupifupi chaka ndi theka, migolo yambiri ikhala yatsopano. Vinyo uja wa dzina la Paul Sauer amakhalamo zaka ziwiri. Mtengo umalowetsa mpweya pang'onopang'ono, tannin n'kufewa, utoto n'kukhazikika. Koma vinyo amaphweramo, ndipo mpata umene watsala pamwamba uyenera kudzazidwa kawirikawiri. Mukaiwala, mpweya umachuluka ndipo viniga amayamba. Mgolo wosatsukidwa bwino umasunga yisiti ya Brettanomyces, imene imanunkhitsa vinyo ngati khola. Chitetezo chake ndi ukhondo, mlingo woyenera wa mankhwala oteteza vinyo otchedwa sulphur dioxide, ndi kusunga pH kuti isakwere. Ku South Africa lamulo limalola kuonjezera asidi wa tartaric, ndipo pa Pinotage ambiri amatero kuwira kusanayambe.

Pali mtundu wina wa Pinotage umene mumaupeza m'masitolo wolembedwa kuti umakoma ngati khofi kapena chokoleti. Udayambira ku famu ya Diemersfontein ku Wellington cha mu 2001. Samathiramo khofi. Fungolo limachokera ku matabwa owauka pamoto. Ndi njira ina, si imene a Kanonkop amatsata.

[Chithunzi: opanga vinyo atatu]

Kwa zaka zoposa 50 famuyi idakhala ndi opanga vinyo atatu okha, ndipo kusasinthasintha kumeneku kumamveka m'botolo. Woyamba pa mabotolo a dzina la famuyi anali Jan Boland Coetzee, amene ankaseweranso rugby m'timu ya Springboks. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 padabwera Beyers Truter. Pa nthawi imene ena ankazula Pinotage, iye adatenga mphesa za mipesa yakale n'kuika vinyo wake m'migolo yaing'ono yatsopano, ulemu umene unkaperekedwa kwa Cabernet. Mu 1991, pa mpikisano wa International Wine and Spirit Competition ku London, adasankhidwa kukhala wopanga vinyo wopambana wa chaka, ndipo vinyo amene adamukweza anali Kanonkop Pinotage wa 1989. Kuyambira pamenepo zidavuta kunena kuti mphesazi n'zachabechabe. Truter adadzapitiriza ntchito pa famu yake ya Beyerskloof.

Abrie Beeslaar adafika mu 2002 ndipo adakhala zaka zoposa 20. Mphoto yomweija adaitenga katatu, mu 2008, 2015 ndi 2017. Chimene timamulemekezera kwambiri n'chakuti sadagwetse zimene adapeza. Mathanki adakhala omwewo, maola awiri omwewo. Adalimbikira pa kusankha mphesa mosamala ndi kusunga fungo la chipatso loyera. Mu 2018 Tim Atkin, katswiri wa vinyo wa ku Britain, adapatsa Paul Sauer wa 2015 mapointi 100 pa 100, koyamba kuti apereke mapointi otere kwa vinyo wa ku South Africa.

[Chithunzi: mabotolo ali patebulo]

Mukaima pa shelefu, mabotolo a Kadette ndiwo otsika mtengo. Amachokera ku mipesa yaing'ono ndi ku mphesa zogulidwa kwa alimi ena a m'dera la Stellenbosch. Kadette Cape Blend ndi wosakaniza Pinotage ndi Cabernet Sauvignon, Merlot ndi Cabernet Franc, ndipo palinso Pinotage payekha ndi rosé, vinyo wofiirira pang'ono. Awa ndi omwa akadali aang'ono. Pamwamba pake pali Kanonkop Pinotage ndi Kanonkop Cabernet Sauvignon a m'munda wa famuyo. Pinotage ameneyu akakhala wamng'ono amamveka mapulamu ndi zipatso zakuda, ndipo akakula zaka 10 kapena 15 amafewa n'kuyamba kufanana ndi kholo lake Pinot Noir. Paul Sauer, amene adayamba mu 1981, alibemo Pinotage ngakhale pang'ono: gawo lalikulu ndi Cabernet Sauvignon, kuonjezera Cabernet Franc ndi Merlot. Black Label, wa mipesa ya 1953, adayamba mu 2006 ndipo amapangidwa wochepa. Kwa amene mukuyamba, ife tingati yambani ndi Kadette Pinotage, kenako mudzalawe wa famu, mudzamve nokha kusiyana kumene zaka za mpesa zimabweretsa.

Werengani chizindikiro. Mawu akuti Wine of Origin Simonsberg-Stellenbosch akutanthauza kuti mphesa zonse zidachokera m'dera limenelo. Dzina la mtundu wa mphesa kapena chaka zikalembedwa, lamulo limafuna kuti zosachepera 85 peresenti zikhale za mtunduwo kapena chakacho. Kachidindo ka pakhosi pa botolo kali ndi manambala otsimikizira zimenezi.

Vinyo wambiri wabwino amafera panjira ndi pa shelefu. Botolo likakhala m'galimoto yotsekedwa padzuwa, kapena pawindo la sitolo mwezi wa Okutobala, limaphikika. Mudzaona chitsekerero chitatukuka kapena kamzere ka vinyo kouma pakhosi. Lisiyeni limenelo. Kunyumba goneketsani botolo chammbali pamalo amdima ozizira, kutali ndi mbaula ndi pamwamba pa filiji. Mukatsegula n'kumva fungo la katoni yonyowa, vuto ndi chitsekerero, si mphesa.

Pomwa, vinyoyu amafuna madigiri 16 mpaka 18. M'nyumba zathu zotentha ndiye kuti mulowetse botolo m'filiji kwa mphindi 30 musanatsegule. Akafunda, mowa umabaya mphuno n'kuphimba zonse. Ngati ndi wamng'ono, mutsanulireni m'jagi yagalasi ola limodzi musanamwe. Amayenda bwino ndi nyama yootcha, ya mbuzi kapena ya nkhosa, chifukwa mafuta ndi nyamayo zimafewetsa tannin. Tsabola wambiri amamupangitsa kumveka woyaka. Dziwaninso mphamvu yake: botolo la 750 ml la 14.5 peresenti lili ndi mowa wofanana ndi mabotolo oposa asanu ndi limodzi a 330 ml a mowa wa 5 peresenti. Ndi logawana, si la ana osakwana zaka 18, amayi oyembekezera kapena woyendetsa galimoto. Wotsala m'botolo mutsekeni n'kuika m'filiji ataimirira, ndipo mum'malize pasanathe masiku atatu.